Setilaiti nayo imafuna mboni: mmene amaiyezera ndi ndege youluka pamwamba pa mitambo

Amene munakhalapo kumudzi mwezi wa Sepitembala mukudziwa mmene kumwamba kumakhalira, dzuwa la madzulo lofiira psuu moti umatha kuliyang'ana osaphethira, phiri lomwe umaliona tsiku ndi tsiku lasowa mu utsi, uku anyamata atentha tchire kusaka mbewa, uko wina akuotcha mapesi pososa kumunda. Utsi umenewo setilaiti imauona, ndipo sikuti imangojambula chithunzi basi ayi, imatulutsa nambala yonena kuti lero pamwamba pa Kasungu kapena Chipata pali utsi wochuluka chonchi. Nambala zamtundu umenewu ndi zomwe zimalowa mmakompyuta olosera nyengo, mmalipoti a mpweya womwe tikupuma, mmapu a chilala ndi a nkhalango. Nde ine funso langa ndi lakuti, nambalayo anaitsimikizira ndani?

Taganizirani sikelo ya venda wogula soya. Ukaikayikira umatenga paketi ya shuga ya 1 kg nkuikapo, ikawerenga 900 g wadziwa kuti pali nkhani. Setilaiti nayonso ndi sikelo. Imakalamba, magalasi ake amachita chimbuuzi ndi dzuwa la kumwambako, pena inagwedezeka pomwe roketi inkanyamuka, komanso masamu omwe amasandutsa kuwala kukhala nambala ya utsi amayambira pa zongoganizira zina zomwe sizikhala zoona dera lililonse. Vuto lake setilaiti ngati Terra ili pa makilomita pafupifupi 700 mmwamba, sungaitsitse kuti uikepo paketi ya shuga. Chomwe amachita ndi kutumiza ndege pansi pake penipeni, itanyamula chipangizo choyezedwa bwino mu labu masiku omwewo, ikayang'ane malo omwewo nthawi yomweyo, kenako nkufananiza. Pachingerezi ntchitoyi amaitcha validation. Ndifotokoza mmene imayendera kuyambira poyamba, ndipo kumapeto ndikuonetsani gawo lomwe mungachite nokha pa laputopu olo ndege mulibe.

Ndege yake

Yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi ER-2 ya NASA, bungwe la ku America loona za mmlengalenga. Ndi mtundu womwewo wa U-2, ndege ya ukazitape ija, kungoti iyi mmalo mwa makamera a asilikali imanyamula zipangizo za sayansi. NASA ili nazo ziwiri, yoyamba inabwera mu 1981 ina mu 1989, ndipo kwawo ndi ku Armstrong Flight Research Center ku California. Imauluka pa 20 km, imatha kufika mpaka 70,000 feet. Kuti mumvetse, Sapitwa ndi 3,002 m, nde mukhazike ma Sapitwa pafupifupi 7 wina pamwamba pa mnzake. Ndege zonyamula anthu zimayenda pa 10 mpaka 12 km, iyi imazisiya pansi kutali.

Kukwera konseku nkwachani? Pa 20 km mpweya pafupifupi 95 peresenti uli pansi pako, mitambo ili pansi pako, utsi ndi fumbi zili pansi pako. Kutanthauza kuti chipangizo chikayang'ana pansi chikuona dziko kudzera mu mpweya pafupifupi wonse womwe setilaiti ikudutsitsamo maso ake. Ndege youluka pa 5 km ili mkati mwa utsiwo, theka lili pamwamba pake, singafanane ndi setilaiti. Zina ziliponso, WB-57 za ku Houston zomwe zimakwera anthu awiri, HALO ya ku Germany yomwe imafika cha mma 15 km, M-55 Geophysica ya ku Russia, koma ndikhala pa ER-2 chifukwa ndi yomwe inabwera kuno kwathu kummwera kwa Africa.

Eya, inabwera. Terra inanyamuka pa 18 Disembala 1999 itanyamula zipangizo zisanu zoyezera, MODIS, MISR, ASTER, CERES ndi MOPITT, ndipo mu Ogasiti ndi Sepitembala 2000 ER-2 inali ku Pietersburg ku South Africa, komwe pano amati Polokwane, pa kafukufuku wotchedwa SAFARI 2000. Anasankha kuno dala chifukwa nyengo imeneyo utsi wa moto wa mtchire umaphimba dera lonse kuyambira ku Angola, Zambia mpaka ku Mozambique. Utsi wathu womwewu ndi umodzi mwa mayeso oyambirira omwe Terra inalemba.

Yambani ndi funso limodzi

Musanaganize za ndege dziwani chomwe mukufuna kuyeza, chifukwa pali zinthu ziwiri zosiyana zomwe anthu amasakaniza. China ndi kuwala kwenikweniko komwe kwalowa mu chipangizo, amati Level 1. China ndi zomwe kompyuta yawerengetsera kuchokera pa kuwalako, monga kuchuluka kwa utsi, kutalika kwa mtambo, kutentha kwa madzi a panyanja, amati Level 2. Ngati mukuyeza Level 1 mukufuna malo osalala, ofanana paliponse, opanda mtambo olo umodzi, monga chipululu cha Railroad Valley ku Nevada, Gobabeb ku Namibia, kapena zigwa za mchere ngati Sua Pan ku Botswana ndi Etosha. Ngati mukuyeza Level 2 ya utsi mukufuna utsi weniweni, wochepa tsiku lina wochuluka tsiku lina, pamwamba pa nthaka yoyera komanso yakuda komanso pamadzi. Ulendo umodzi sungayankhe zonsezi, ndipo maola a ndege ndi odula, nde gulu limalemba mndandanda wa mafunso nkuika kuti ili ndi lofunika kwambiri, ili likhoza kudikira.

Lembaninso pasadakhale kuti kulakwitsa kovomerezeka ndi kotani. Pa utsi ndi fumbi nambala yake imatchedwa AOD, ikakhala 0.05 kumwamba kuli mbee, ikafika 1 dzuwa lija lafiira. MODIS pamtunda inalonjeza kulakwitsa kosaposa 0.05 kuphatikiza 15 peresenti ya nambalayo. Ukapanda kulemba muyezo ngati umenewu usanayambe, pamapeto pake chilichonse chomwe chatuluka umangoti chili bwino.

Chipangizo chikhale mapasa a cha pa setilaiti

Apa ndi pomwe ndimawasirira anthu amenewa. Pafupifupi chipangizo chilichonse chachikulu cha mmwamba chili ndi mnzake wa pandege. MODIS inali ndi MAS, MISR inali ndi AirMISR. GOES-16 itanyamuka mu Novembala 2016 ndi chipangizo chake chowerenga mphezi chotchedwa GLM, anapanga FEGS nkuiika pa ER-2 mu 2017 kuti iziuluka pamwamba pa mitambo ya mabingu nkumawerenga mphezi zomwezo. ICESat-2 isananyamuke nkomwe mu 2018, lidar (chipangizo choyezera ndi laser) yoyeserera yotchedwa MABEL inali itauluka kale pa ER-2 kuchokera ku Iceland mu 2012. PACE yomwe inanyamuka pa 8 Febuluwale 2024 ili ndi HARP2 ndi SPEXone, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho ku California ER-2 inanyamula AirHARP2 ndi SPEX Airborne pa kafukufuku wa PACE-PAX.

Koma mapasa okha sakwanira, chifukwa ngati onse awiri amagwiritsa masamu amodzi akhoza kulakwitsa mofanana nkumagwirizana pa bodza. Nde mumaonjezapo mboni ya mtundu wina, kawirikawiri lidar. Iyi imawombera kuwala kwa laser pansi nkuwerenga nthawi yomwe kwabwerera, nde imakuuza kuti utsi uli pakati pa 2 km ndi 5 km, mtambo uli pansi pake. Cloud Physics Lidar ya pa ER-2 ulendo wake woyamba wa kafukufuku unali wa SAFARI 2000 womwewu. Kumbukirani kuti ndegeyi imanyamula katundu wa makilo pafupifupi 1,200 okha, kumphuno, kuseri kwa payiloti ndi mma pod a mmapiko, komanso mulibe mpando wa wasayansi. Chipangizo chanu chiyenera kudziyendetsa chokha, payiloti amangotsegula ndi kutseka switchi.

Chisanakwere chiyezeni mu labu. Cha kuwala kooneka amachiloza mu mpira wopaka zoyera mkati wokhala ndi mababu omwe kuwala kwake kumadziwika ndendende, cha kutentha amachiloza pa blackbody, chinthu chakuda bii chomwe temperecha yake ikudziwika. Mukabwerako ku ulendo muyezenso. Mukapeza kuti zasintha pakati pa kuyeza koyamba ndi kwachiwiri, kusinthako kumalowa mu kukayika kwa zotsatira zanu, osabisa ayi. Paketi ya shuga ija ngati ana anatapamo singayeze sikelo.

Nthawi ndi malo, apa nde pagona nkhani

Setilaiti ngati Terra mthunzi wake umathamanga pansi pafupifupi 7 km pa sekondi. ER-2 imayenda cha mma 210 m pa sekondi. Mu mphindi 30 ndegeyi imadula mtunda wa 380 km, woposa wa Lilongwe kukafika ku Blantyre, koma setilaiti mtunda womwewo imaumaliza mphindi imodzi isanakwane. Nde kukumana kwenikweni, koti onse awiri akuyang'ana malo amodzi nthawi imodzi, ndi kwa kamphindi kochepa zedi ndipo ndi pa malo amodzi okha. Ukachoka pamenepo kutsogolo kapena kumbuyo kusiyana kwa nthawi kukukula, ndipo mtambo sudikira munthu, mphepo ya 10 m pa sekondi imausuntha 6 km mu mphindi 10 zokha.

Mmene amachitira ndi chonchi. Amatenga manambala a njira ya setilaiti otchedwa TLE, amapezeka ulere pa CelesTrak, nkuwaika mu pulogalamu yomwe imajambula mzere womwe idzadutse pa tsikulo ndi nthawi yake mpaka pa sekondi. TLE ikhale yatsopano, ya masiku ochepa apitawo, yakale imakusocheretsa. Pa mzerewo amasankha mfundo imodzi yokumanira, makamaka pomwe pansi pali siteshoni yoyezera, kenako amawerengera chobwerera: ndege ifike pa mfundoyo nthawi yakuti, iyambe mzere wowongoka mphindi 10 kapena 15 nthawiyo isanakwane, nde inyamuke pa bwalo nthawi yakuti. Payiloti ayenera kuuluka mowongoka osapendeketsa mapiko nthawi yonse ya mzerewo, akakhota chipangizo chikuyang'ana kwina ndipo data ya nthawi imeneyo ndi yotaya.

Kuvuta kwake kumatengeranso chipangizo cha pa setilaiti. MODIS imasesa dera lotambalala 2,330 km, nde kupezeka mkati mwake si nkhani, ngakhale ndi bwino kukhala pafupi ndi pakati pomwe ikuyang'ana molunjika pansi. Koma lidar ya CALIPSO ndi rada ya CloudSat, zomwe zinanyamuka limodzi pa 28 Epulo 2006, zinkaona kamzere kowonda pansi pawo penipeni basi. Pamene ER-2 inkaziyeza kuchokera ku Warner Robins ku Georgia, ku America, chaka chomwecho, payiloti ankayenera kuponda pa mzerewo ndendende, kuphonya ndi makilomita ochepa nde kuti ukuyeza mtambo wina. Setilaiti zomwe zimaima malo amodzi ngati GOES-16 nkhani ya nthawi ndi yofewa chifukwa zimajambula pafupipafupi, koma zimaona zinthu chopendekeka nde pamavuta ndi mbali yomwe ukuyang'anira.

Chinanso, Terra zaka zake zambiri inkabwerera pa mzere womwewo pakatha masiku 16. Tsiku lomwe ikudutsa molunjika pamwamba pa siteshoni yanu kukachita mitambo, mwadikira masabata awiri ndi masiku awiri. Ndi chifukwa chake gulu lililonse limakhala ndi akatswiri a zanyengo akeake omwe mmawa uliwonse amanena komwe kukhale mitambo ndi komwe utsi ukulowera, ndipo pulani ya ulendo imakhala ndi ina yapadera mthumba.

Ndipo chonde nthawi zonse lembani mu UTC, nthawi imodzi yomwe dziko lonse limayendera pa za sayansi. Kuno Malawi, Zambia ndi Mozambique tili maola 2 kutsogolo. Terra zaka zake zambiri inkadutsa cha mma 10:30 mmawa pa nthawi ya dzuwa la pamalopo, mufayilo muona ngati 08:00 ndi kenakake. Kusokoneza maola awiriwa kumaononga ntchito yonse mwakachetechete, magalafu amatuluka ndithu koma ukufananiza utsi wa mmawa ndi wa masana.

Musatumize ndege yokha

ER-2 imaona kuchokera pamwamba ngati setilaiti, zomwe ndi mphamvu yake, koma singagwire utsiwo nkuupima. Nde amasanja mboni ngati nsanjika. Pamwamba setilaiti, pansi pake ER-2, mkati mwa utsi ndege ina yaing'ono yoyamwa mpweya nkumayeza kukula kwa tinthu ta utsi ndi mmene tikumwera kuwala, pansi penipeni anthu ndi zipangizo zawo. Mu SAFARI 2000 ndege ya mkati inali Convair 580 ya University of Washington, C-130 ya Met Office ya ku Britain inkanyamukira ku Windhoek, ndipo pansi panali ma sun photometer a AERONET, gulu la masiteshoni oyezera utsi ndi fumbi padziko lonse, ku Mongu ku Zambia, ku Skukuza mu Kruger, pachilumba cha Inhaca ku Mozambique ndi malo ena. Sun photometer ndi kachipangizo koloza dzuwa nkumayeza kuchuluka kwa kuwala komwe kwatayika panjira, ndipo pa AOD ndiko kodalirika kwambiri, kamalakwitsa ndi 0.01 kapena 0.02 yokha. Mu 2016 anabwerezanso kusanja kotereku ku Walvis Bay ku Namibia pa kafukufuku wa ORACLES, ER-2 pamwamba ndege ya P-3 mkati, kutsatira utsi wa ku Africa ukamapita pa nyanja ya Atlantic.

Ndege ya mkatiyo ikafika pamwamba pa siteshoni imakwera mozungulira kuchokera pafupi ndi pansi mpaka pamwamba pa utsi, nthawi yomwe setilaiti ikudutsa ikhale pakatikati pa kukwerako. Ukatero uli ndi manambala atatu kapena anayi a chinthu chimodzi, ndipo akasemphana umatha kuloza wolakwa.

Tsiku louluka

Payiloti amavala suti yonga ya opita mmlengalenga, chifukwa kupitirira 19 km mpweya ndi wochepa moti madzi amawira pa kutentha kwa thupi la munthu. Asananyamuke amapuma oxygen yekhayekha pafupifupi ola lathunthu kuti nitrogen achoke mmagazi, ndipo chakudya cha mnjira ndi cha mu chubu chodutsira pa kabowo ka chipewa. Zonsezi zikutanthauza kuti nthawi yonyamuka singosinthidwa mwachisawawa, anthu a zipangizo amakhala atayamba ntchito maola angapo kusanache. Ndegeyi matayala ake ali pa mzere umodzi ngati njinga, mapiko aatali amachirikizidwa ndi timatayala tomwe timagwa ikanyamuka, ndipo potera payiloti mnzake amaithamangitsa pa galimoto nkumamuuza pa wailesi kuti watsala mafiti angati kuti agunde pansi. Mphepo ya mmbali ikakula siuluka olo kumwamba kukhale kokongola bwanji. Ikani masiku otayika mu pulani yanu kuyambira pachiyambi.

Kufananiza

Data yabwera, tsopano musathamangire kuika manambala awiri pambali nkuchotsera. Pali zinthu zingapo zoyenera kulinganiza kaye, ndipo apa ndi pomwe ntchito zambiri za ophunzira zimagwera.

Yoyamba kukula kwa pixel, kadontho kamodzi ka chithunzi. MAS ili pa 20 km pixel yake ndi 50 m ndipo imasesa 37 km, MODIS yambiri ndi 1 km. Nde mu pixel imodzi ya MODIS mumalowa ma pixel 400 a MAS. Mumawasonkhanitsa nkupeza avereji, komanso muone mmene akusiyanirana okhaokha. Ngati mkati mwa bokosi limodzi muli theka madzi theka mtunda, kapena mmphepete mwa mtambo, litayeni pa mayeso a kuwala. Koma musalitaye pa mafunso ena, chifukwa ubwino wa ndege uli pomwepa, imakuonetsa zomwe zabisala mkati mwa pixel ya setilaiti, timitambo ting'onoting'ono tomwe kompyuta inkayesa utsi, kapena kamoto ka pamunda umodzi komwe setilaiti sinakaone.

Kenako mitundu ya kuwala. MODIS ili ndi ma band 36, kutanthauza magawo a kuwala omwe imayeza, MAS inali ndi 50, ndipo olo atchedwe dzina limodzi malire awo sakhala ofanana ndendende. Njira yabwino ndi kukhala ndi chipangizo chodula kuwala tizidutswa tambirimbiri ngati AVIRIS yomwe ili ndi ma band 224, kapena S-HIS pa za kutentha, nde mumatenga tebulo la mmene band ya setilaiti imamvera kuwala nkuphatikiza tizidutswato motsatira tebulolo mpaka mutapanga band yofanana nayo.

Mbali yoyang'anira nayo ndi nkhani. Amene anakhalapo kunyanja akudziwa kuti madzi omwewo ukawayang'ana chakudzuwa amathobwa mmaso, ukatembenuka ndi obiriwira bwinobwino. Nthaka ndi mitengo nazo zimatero pang'ono. Nde sankhani ma pixel omwe ndege ndi setilaiti zinkayang'ana kuchokera mbali yofanana. Pa mitambo samalaninso kuti setilaiti ikaona chopendekeka imaika mtambo pamalo olakwika pa mapu, mtambo wa pa 10 km woonedwa pa madigiri 45 umasunthidwa ndi 10 km yathunthu.

Ndiye pali ka 5 peresenti ka mpweya kotsala pamwamba pa ndege kaja. Ndi kochepa koma ozone wambiri ali momwemo. Amagwiritsa pulogalamu yowerengera kayendedwe ka kuwala mu mpweya ngati MODTRAN kapena 6S, amawerengera zomwe ndege ikanayenera kuona ndi zomwe setilaiti ikanayenera kuona, aliyense amuchotsere zake, kenako nkufananiza zotsalazo.

Zikalingana jambulani galafu, ndege uku setilaiti uko, ndipo musakhutire ndi correlation yokha, nambala yongoonetsa kuti ziwirizo zikukwera ndi kutsika limodzi. Sikelo yobera 100 g pa kilo iliyonse correlation yake ndi yabwino kwabasi. Onani bias, kuti setilaiti imaonjeza kapena imachepetsa, ndipo igaweni, pa utsi wochepa ndi wochuluka, pa nthaka yoyera ndi yakuda, pakati pa chithunzi ndi mmphepete. Onaninso kuti ndi mfundo zingati mwa 100 zomwe zagwera mkati mwa muyezo munalemba poyamba uja.

Chitsanzo chomwe chimandikhudza ndi cha kwathu konkuno. Atafananiza MODIS ndi ma sun photometer a SAFARI 2000 anapeza kuti utsi ukachuluka, makamaka cha ku Zambia, MODIS inkapereka nambala yochepa kuposa yeniyeni. Chipangizocho sichinali chowonongeka. Masamu ake ankaganiza kuti kuwala kukagunda utsi, magawo 90 pa 100 amamwazika ndipo 10 okha amamwedwa, pomwe utsi wa kuno zinapezeka kuti ndi cha mma 86. Moto wa udzu wouma wa mtchire mwathu umayaka ndi malawi nkutulutsa mwaye wambiri wakuda bii, kusiyana ndi moto wa nkhalango za ku Amazon womwe umangofuka. Utsi wakuda umabweza kuwala kochepa, nde setilaiti inkayesa kuti ulipo wochepa. Anakonza masamuwo nkuwerengeranso data yakale yonse, ndi chifukwa chake mafayilo a MODIS amakhala ndi nambala ya Collection. Pachikhala kuti panalibe anthu oyeza pansi ndi mmwamba nyengo imeneyo, mapu a utsi a dera lathu akanapitiriza kuchepetsa vutolo.

Gawo lanu pa laputopu

Ndege simungaibwereke, koma data yake ndi yaulere. Tsegulani akaunti ya Earthdata Login, salipiritsa. Data ya SAFARI 2000, kuphatikizapo ya MAS ndi ya lidar ija, imasungidwa ku ORNL DAAC, ya MODIS ili ku LAADS DAAC, ya AERONET ili pa webusaiti yawo ndipo mutenge ya Level 2.0 yomwe inasefedwa kale.

Ine ndingati yambani ndi chophweka, MODIS ndi Mongu, ndege ibwere pambuyo. Dawunilodani AOD ya Mongu ya Ogasiti ndi Sepitembala 2000, ndi fayilo yaing'ono yotsegula olo mu Excel. Kenako tengani MOD04_L2 ya masiku omwewo, ndi ya utsi ndi fumbi pa mabokosi a 10 km, ndipo pofunafuna jambulani kabokosi kozungulira Mongu kuti musatsitse za dziko lonse, bandulo ingathe pachabe. Mafayilo a MODIS ndi a mphindi zisanu zisanu ndipo dzina lake limalemba tsiku ngati nambala ya mchaka, A2000245 ndi 1 Sepitembala 2000, manambala anayi otsatira ndi nthawi ya UTC. Kuti mungoona zomwe zili mkati gwiritsani Panoply, yaulere. Powerengera gwiritsani Python ndi pyhdf chifukwa mafayilowa ndi a mtundu wa HDF4.

Misampha itatu yomwe imakola aliyense woyamba. Manambala a mufayilo ndi athunthu, muyenera kuchulukitsa ndi 0.001 kuti mupeze AOD, nde 850 ndi 0.85. Pomwe palibe data analembapo -9999, chotsani zimenezo musanapeze avereji. Ndipo MODIS imapereka AOD pa 550 nm pomwe AERONET imayeza pa 440, 500, 675 ndi ena, nde gwiritsani Angstrom exponent, nambala yoonetsa mmene AOD imasinthira ndi mtundu wa kuwala, yomwe ili mufayilo ya AERONET momwemo kuti muisunthire pa 550. Lamulo lomwe ambiri amatsata ndi kutenga avereji ya MODIS mkati mwa 25 km kuzungulira siteshoni, ndi avereji ya AERONET ya mphindi 30 setilaiti isanadutse ndi 30 itadutsa.

Izi zikakuyenderani pitani pa ndege. Werengani malipoti a maulendo a ER-2, sankhani tsiku lomwe inauluka pansi pa Terra, pezani nthawi yomwe zinakumana, tsitsani mzere wa MAS wa nthawi imeneyo pamodzi ndi MOD021KM ya kuwala ndi MOD03 ya malo a pixel iliyonse. Mafayilo amenewa ndi akuluakulu, tsitsani usiku pa bandulo ya usiku kapena pa wifi ya kusukulu. Yambani ndi band imodzi yokha, yofiira ya cha mma 650 nm yomwe onse awiri ali nayo, pa malo opanda mtambo, ma pixel a MAS a pakati pa mzere okha, ndipo mfundo iliyonse muilembere kusiyana kwa nthawi mu mphindi. Jambulani galafu yoyamba ndi mfundo za mkati mwa mphindi 5, yachiwiri mphindi 15, yachitatu mphindi 30, muone nokha mmene mfundo zikumwazikira nthawi ikamatalika. Mukafika pamenepo onjezani lidar ya tsiku lomwelo, muyang'ane pomwe MAS ndi MODIS zasemphana kwambiri ngati panali kamtambo kopyapyala kapena utsi wosanjikana pamwamba pa mtambo.